A Yesaya, Botolo la Thovu ndi Kamtengo Kouma

A Yesaya anatisiya mwezi wathawu, Lachiwiri m'mawa, atangomaliza kusamba. Ana awo akuti anakhala pampando pakhonde n'kupempha kuti awapatsire nsapato, ndipo pobwera nazo anapeza mutu wawerama. Chiyambire tsikulo anthu pano pa Malomo akhala akuwakamba, koma ndaona kuti ambiri amathamangira pa dzina lija la a Thovu, n'kuseka, n'kusiyira pomwepo. Ine zimenezo zimandiwawa. Dzinalo analitenga pondipulumutsa ine, ndiye ndati ndilembe zimene ndikudziwa ndisanayambe kuiwala.

Ine ndine Nabanda. Ndimagulitsa tiyi ndi mandasi m'kanyumba koyang'anizana ndi mtengo wa mbawa umene a Yesaya ankakonzerapo galimoto. Kwa zaka zoposa makumi awiri ndakhala ndikuwaonera pazenera, moti ndikhoza kukuuzani mmene ankatsokomolera. Ankafika masitolo asanatsegule, pa njinga, chonsecho galimoto anali nayo. Ankati galimoto ndi yonyamula katundu ndi odwala, osati yonyamula mwamuna wa miyendo yake iwiri. Ovolosi yawo akuti kale inali yobiriwira, koma ine ndinaipeza ili kale yakuda.

Munthu akabwera ndi galimoto yovuta, sankamulola kufotokoza. Ukangoyamba kuti a Yesaya, galimotoyi dzulo, iwo ankakweza dzanja ngati wapolisi wa pamsewu. Ankati uilize kaye. Kenako ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga kuigunditsa pa injini, chogwirira kukhutu, maso tsinzinu. Akamva zimene akufuna, m'pamene ankakufunsa, ndipo funso lake linali lochititsa manyazi, monga lakuti oyilo unathira liti komaliza. Chikhulupiriro chawo chinali chakuti injini siinama, amanama ndi mwini wake. Madalaivala ankawaopa ndi kuwakonda pa chifukwa chomwecho.

Ine ndi iwo tinkayambana pa nkhani ya makapu. Chala chawo chachikulu chinkasiya chidindo chakuda pa kapu iliyonse, ndipo sopo sankachotsa. Nditatopa, ndinawapatulira kapu yawoyawo yachitsulo, yothothoka penti m'mphepete. Anadandaula sabata yathunthu kuti ndikuwasala ngati wodwala chifuwa chachikulu, koma tsiku lina mlendo ataigwira kapuyo mosadziwa, anamulanda m'manja. Shuga ankathira masupuni anayi, n'kumauza aliyense wolowa kuti Anabanda ndi mayi wouma manja amene sanamuonepo.

Mnzawo wokangana naye weniweni anali a Jafali, Msilamu wa sitolo ya sopo, mchere ndi zipangizo za njinga, amsinkhu wawo. Awiriwa ankakhala pa benchi langa m'mawa uliwonse n'kumatsutsana pa chilichonse. A Yesaya akati mvula ibwera, a Jafali ankati kuchita ng'amba. A Jafali akati fodya chaka chino agulidwa bwino, a Yesaya ankati alimi alira. Nthawi zina ankasinthana mbali pakati pa mkangano osazindikira, ine n'kumaseka ndekha kuseri kwa mbaula. Koma wina akadwala tsiku limodzi, mnzakeyo tiyi sankamumva kukoma.

Galimoto ya a Yesaya inali ya matola, yakalekale, ya bodi kumbuyo. Geji yake ya mafuta inafa ine ndisanakwatiwe. M'malo mwake anali ndi kamtengo ka nsungwi, kotalika ngati mkono, kamene ankapisa m'thanki. Anakacheka mizere ndi sowo, ndipo mzere uliwonse unali ndi dzina la ulendo. Wapansi unali wa ku boma la Ntchisi, wotsatira wa ku Mponela, wapamwamba wa ku Kasungu. Ukawapempha ulendo, ankapisa kamtengoko, kukayang'ana padzuwa, n'kukuuza ngati mukafike kapena ayi. Sikanawanamizepo. Ankakakhulupirira kuposa mmene anthu ena amakhulupirira abusa awo.

M'zaka zawo zomalizazi, maso atayamba kuchita khungu, anyamata oyendetsa njinga zamoto ankabwera ndi mafoni kudzawaonetsa makanema. Pafupifupi chaka chilichonse pankatuluka kanema watsopano wa munthu wa kutali amene akuti wayendetsa galimoto ndi madzi. Ena ankabwera kudzawaputa dala, ena ankafunadi kudziwa. A Yesaya sankakwiya. Ankayang'ana kanemayo mpaka kumapeto, foni ataiyandikiza pamphuno, kenako n'kufunsa ngati munthuyo waonetsa m'thanki mwake asananyamuke ndi atabwerako. Ankauza anyamatawo kuti aliyense wonena zimenezi amusenzetse matumba khumi a chimanga, amukweze phiri, ndipo kamtengo kakhale m'manja mwa munthu wina. Akatero ankatsitsa botolo lagalasi limene linkalendewera pa nthambi ya mbawa, lodzaza manati ndi mabawuti, n'kuwauza kuti ntchito yabwino imene botololi linagwirapo ndi imeneyi.

Botolo limeneli linabwera chaka chija mafuta anasowa m'dziko muno, zaka zoposa khumi zapitazo. Amene analipo akukumbukira. Mapampu anali gwaa, minibasi zikugona pa mizere, ndipo petulo ankapezeka m'zigubu kuseri kwa nyumba, wokwera mtengo moti unkachita kufunsa kawiri. Odwala a m'mapiri ankatsika nawo pa ngolo. Mayi wina woyembekezera anamwalirira pa ngolo yotero asanafike kuchipatala, ndipo a Yesaya, amene galimoto yawo inangokhala pansi pa mbawa thanki ili mbee, sanadye tsiku limenelo. Ndikunena izi kuti mudziwe mtima umene anali nawo pamene munthu uja anafika.

Anali bambo wa jekete, wochokera ku tauni, ndipo anafika tsiku la msika ndi chikwama cha mapepala a zithunzi. Anayala katundu wake pafupi ndi mbawa. Linali botolo lagalasi, mkati muli timalata, pachivindikiro patuluka mawaya awiri ndi kapaipi. Anathiramo madzi ndi soda yemweyu timathira ku therere, mawaya n'kulumikiza ku batire. Madzi anayamba kuwira popanda moto, thovu kukwera. Iye anati thovulo ndi mpweya woyaka wobisika m'madzi, ndipo ukaulowetsa mu injini ndi kapaipiko, galimoto imamwa theka la petulo. Anatinso eni ake a mafuta kunja amadziwa zimenezi koma amabisa kuti amphawi tizivutika. Mawu omalizawa ndi amene anagwira anthu mtima, chifukwa tonse tinali titatopa ndi kuvutika.

A Jafali anafunsa funso limodzi lokha. "Achimwene, ngati zili choncho, inu mwabweranji pa minibasi? Yanu yoyendera madzi mwaisiya kuti?"

Anthu anaseka. Koma a Yesaya sanaseke, anali atagwada, akuyang'ana thovu lija ngati mwana woona wailesi ya kanema koyamba. Anagulitsa mbuzi n'kugula botololo. Wa jekete uja anawalangiza kuti poliika atsuke mapulagi ndi kabuleta, apope bwino matayala, ndipo aziyendetsa mofatsa kuti mpweyawo usadzidzimuke. Anachita zonsezo. Anapeza petulo pang'ono, n'kupita ku boma ndi kubwerera ali okha, bodi ili pululu, akuyenda ngati akuperekeza mkwatibwi, m'malo otsetsereka akuzimitsa injini monga amachitira madalaivala onse a kuno. Atafika anapisa kamtengo. Mafuta anali atatsala ambiri kuposa masiku onse.

Ndikukumbukira nkhope yawo tsiku limenelo. Analowa kwanga kamtengo kali m'manja, kakudontha, n'kukaika pamphuno pa a Jafali. Anaiwala kuti masiku onse ulendo umenewo ankauyenda atasenza mabelo a fodya ndi anthu pamwamba, mapulagi ali bii ndi mwaye. Munthu amene ankagwira madalaivala bodza ndi khutu lokha sanathe kudzifunsa funso laling'onolo, chifukwa ankafunitsitsa kuti zikhale zoona.

Kuyambira pamenepo masupuni anga anayamba kusowa. Ndinakalipira wosalakwa ndi wolakwa yemwe, mpaka tsiku lina ndinawapeza a Yesaya akuwaphwanthitsa ndi hamala pa chitsa. Anali ataphunzira kupanga okha mabotolowo, ndipo masupuni osachita dzimbiri ndiwo anali timalata tawo. Sanachite manyazi n'komwe. Anati Anabanda, masupuni anuwa apulumutsa azimayi a m'mapiri, inu muzivundula tiyi ndi chala. Madalaivala asanu ndi mmodzi anawaikira mabotolo, osawalipiritsa. Palibe amene akanakhulupirira wa jekete uja payekha. Anakhulupirira chifukwa a Yesaya anali atanena.

A Jafali sanasiye kutsutsa, ndipo ulendo uno mkangano sunali wamasewera. Tsiku lina anawauza kuti ukalamba wawalowa m'mutu. A Yesaya anayankha kuti munthu wogulitsa mchere asaphunzitse makaniko ntchito. Kwa milungu itatu ankamwa tiyi atafulatirana, wina kumapeto kwa benchi, wina kumapeto enawo.

M'masiku amenewo ndi mmene amuna anga, a Filipo, anamwalira. Anadwala miyezi isanu, mimba ikutupa, thupi likutha. Kuchipatala anati ndi chiwindi. Koma abale awo a kumudzi, kuseri kwa mapiri kumalire a Ntchisi ndi Dowa, anali ndi matenda awoawo amene anawapeza. Alongo awo aakulu, a Naphiri, sanandikondepo chikwatiwire. Ankati ndinawachotsa achimwene awo kumudzi n'kuwakhazika pa msika, ndipo munthu akatupa mimba m'nyumba ya mkazi wophikira anthu, nkhani yake mukuidziwa. Sananene poyera. Ankangoyang'ana miphika yanga nthawi yaitali.

Thupi linayenera kupita kwawo, ndipo galimoto imene inapezeka inali ya a Yesaya. Achibale anasakasaka petulo n'kupeza chigubu chimodzi. M'mawa tikukweza bokosi, a Jafali anatuluka m'sitolo atanyamula chigubu china chaching'ono chimene ankasungira njinga yawo yamoto. Anaima pafupi ndi a Yesaya, n'kulankhula nawo koyamba patatha milungu itatu.

"A Yesaya, tengani ichi muonjezere. Ulendo wa maliro sayeserapo zinthu."

Anthu anali akuyang'ana, ena mwa iwo madalaivala a mabotolo aja. A Yesaya anapisa kamtengo, kukayang'ana, n'kunena kuti ndi botolo lawo mafutawo ndi okwana kupita ndi kubwerera. "Sungani, a Jafali. Mudzathire mu nyale."

A Jafali anabwerera nacho m'sitolo.

Tinanyamuka titadzaza. Bokosi pakati, azimayi m'mbali, azibambo ataimirira atagwira zitsulo, matumba a ufa, mitolo ya nkhuni. Mvula inali itangogwa dzulo lake, ndipo titasiya msewu waukulu galimoto inayamba kulimbana ndi matope ofiira, ikulira mu giya yoyamba. Azimayi a mpingo ankaimba. Ine ndinali kumutu kwa bokosi, mwana wanga Tiya ali pamiyendo.

Dzuwa litapendeka tinafika pa chitunda chomaliza. Mudzi unali kuseri kwake, moti utsi wa pa siwa unkaoneka. Pakati pa chitundacho galimoto inatsokomola kawiri, n'kuzima. Nyimbo inadukira pakati.

Aliyense wa kuno akudziwa zimene anthu amaganiza galimoto ya maliro ikaima popanda chifukwa pafupi ndi kwawo kwa malemu. Amati malemu akukana, pali chimene chawakwiyitsa. Amalume a amuna anga anavula chipewa, n'kuwerama pa bokosi, kulankhula nalo motsitsa mawu. "Filipo, kwanu ndi kuno. Usativutitse pa njira. Ngati pali nkhani, tikakamba tikafika." A Yesaya analiza injini. Inangokhosomola osagwira.

Pamenepo a Naphiri anaimirira. "Achimwene sangakwere phiri la kwawo ali pambali pa munthu amene wawadyetsa. Mlamu, tsikani."

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna wondiyankhira. Azimayi amene ndinkaimba nawo kwaya anayang'ana pansi. Ndinatsika, Tiya atandigwira chitenje. A Yesaya anabweza galimoto chafutambuyo pang'ono mpaka pamalo athyathyathya kuti ayambirenso chitunda, n'kuliza. Inalira. Inayenda mwina mikono makumi awiri, ine nditaima m'matope, kenako inazimanso.

Koma anthu anali ataona kale zimene ankafuna kuona. Mkazi watsika, galimoto yalira. Kulira kumene kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. A Naphiri anadzigwetsa pansi akutchula dzina langa. Anyamata a kumudziko, amene anali atatsika kudzatichingamira, anayamba kundizungulira, ndipo mmodzi ananena kuti yazimanso chifukwa mfitiyi idakali pafupi. Ndinadziwa kuti ngakhale ndichoke pamenepo osamenyedwa, nkhaniyo ikafika pa Malomo ine ndisanafike. Ndani angamwe tiyi wa mkazi amene anapha mwamuna wake ndi chakudya? Ana anga akanakula akutchedwa ana a mfiti. Ndinachita mantha oti ndinalephera ngakhale kulira.

Pa anthu onsewo ndi ine ndekha amene ndinkayang'ana a Yesaya, chifukwa ndinalibe kwina koyang'ana. Ndinawaona akutsika, akuzungulira mbali ina ya galimoto kumene kunalibe anthu, akutsegula thanki n'kupisa kamtengo. Anakatulutsa, kukayang'ana, n'kukabisa kumbuyo kwa mwendo. Kenako anapita kukatsegula boneti n'kuyamba kugwiragwira mawaya. Ndinkawadziwa mmene amagwirira ntchito, ndipo apa sankakonza kanthu. Ankangopezera manja chochita. Palibe amene ankawaganizira. Akanangokhala chete, mlandu wonse unali wa malemu ndi wa ine, botolo lawo likanakhala labwinobwino, dzina lawo la zaka makumi anayi osadetsedwa. Sindikudziwa kuti anaima pamenepo nthawi yaitali bwanji. Kwa ine inali yaitali kwambiri.

Kenako anamenya boneti ndi chikhatho katatu.

"Azimayi, tatontholani pang'ono. Azibambo, tabwerani kuno." Anakweza kamtengo kaja m'mwamba. "A ku Malomo mukukadziwa aka. Kagwireni nonse, kanunkhizeni. Kauma. Malemuwa sanakane kanthu. Mayi awa sanalakwe kanthu. Galimoto yaima chifukwa mafuta atha, ndipo atha chifukwa ine Yesaya ndinakana chigubu cha a Jafali m'mawa muja, podalira botolo ili. Botololi ndi bodza. Ndadzinamiza ndekha, ndanamizanso anzanga."

"Nanga yalira bwanji iyeyu atatsika?" anakuwa a Naphiri.

"Mayi, ndinaibweza pamalo athyathyathya, timadontho totsalira tinasendera pa paipi. Ndi tomwe yayendera apa. Anabanda athamangitseni mpaka ku Malomo ngati mukufuna, siilira. Koma mafuta akabwera, akhale pomwe anakhala paja, dzanja pa bokosi. Ikakana kukwera, mundimenye ine."

Dalaivala wina amene anabwera nafe, wa botolo nayenso, anafunsa kuti nanga lake lija. A Yesaya anamuyang'ana m'maso. "Lakonso. Mawa ubwere ndidzachotse." Atatero anazula mawaya a botolo lawo anthu onse akuona, madzi aja n'kukhuthulira m'matope. Kenako anabwereka foni, n'kukwera pa chulu kusaka netiweki, mkulu wa imvi zake, kukaimbira a Jafali, munthu amene iwo anamunyoza m'mawa womwewo.

Tinadikira nthawi yaitali pa chitunda paja. Anyamata aja anabwerera m'mbuyo, koma maso awo sanandichoke. A Yesaya anabwera kudzaima pambali panga, ndipo sanasunthe mpaka tinamva kulira kwa njinga yamoto kumunsi. A Jafali anafika mkanjo uli matope okhaokha, chigubu chija atachimanga kumbuyo. Anachimasula n'kuchipereka. Sananene kuti ndinakuuzani. Tsiku limenelo sananene, ndipo kufikira a Yesaya amwalira sindinawamvepo akunena.

Ndinakwera, n'kukhala kumutu kwa bokosi, dzanja pamwamba pake. A Yesaya atathira mafutawo anaipopa galimoto, kuiliza kamodzi, kawiri. Kachitatu inagwira. Inakwera chitunda chonse osatsokomola, mpaka pakhomo pa siwa. M'pamene ndinayamba kulira amuna anga.

A Naphiri sanandipepese, ndipo sindinayembekezere. Koma nkhani imene inatsika m'mapiri kufika pa Malomo sinali ya mkazi wodyetsa mwamuna. Inali ya makaniko amene anafuna kunyamula maliro ndi madzi a soda. Anthu anaikonda nkhaniyo chifukwa inali yoseketsa, ndipo dzina la a Thovu linabadwa sabata yomweyo. Madalaivala aja anakwiya. Wina batire lake linali litatha mphamvu, wina mawaya anapsa. A Yesaya sanadikire kuti abwere, anawayendera mmodzimmodzi pa njinga, kuchotsa mabotolo ndi kukonza zimene zinawonongeka, akumva mawu amene mkulu sayenera kumva kwa ana. Kwa miyezi ingapo pansi pa mbawa panalibe galimoto. Ankangokhala pa chitsa n'kumanola zikwanje za anthu.

Anadzandifotokozera pambuyo pake mmene anamvetsera kulakwa kwawo. Thovu lija limapangidwa ndi moto wa batire, batire limadzazidwa ndi injini, ndipo injini kuti ilidzaze imamwa petulo yemweyo. Anati zinali ngati kutapa chimanga kumbuyo kwa nkhokwe n'kukathira kutsogolo, china chikutayika m'njira, iwe n'kumasangalala kuti wakolola. Mafuta amene anapulumuka pa ulendo woyesera uja anapulumuka chifukwa cha mapulagi oyera, bodi yopanda katundu ndi phazi lofatsa. Chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti kamtengo kanawauza zoona, iwo ndiwo anakafunsa funso lolakwika. Komabe sanasiye kulota. Ankati mwina tsiku lina mwana wa munthu adzapeza njira yoti odwala a m'mapiri azifika kuchipatala osadikira chigubu, kungoti sadzaipeza m'botolo la soda.

Masiku a maliro atatha, ndinatsegulanso kanyumba kanga ka tiyi. Ndinakoleza mbaula, ndinakazinga mandasi, ndipo mpaka dzuwa kukwera sipanalowe munthu. Nkhani ya botolo inali itamveka, inde, koma mawu a a Naphiri nawonso anali atafika m'makutu ena, ndipo anthu ankadutsa akuyang'ana kumbali. Ndiye ndinawaona a Yesaya akuwoloka msewu. Sanalowe mkati. Anakokera benchi panja penipeni, pamene aliyense wopita ku msika ankadutsa, n'kuitana mokweza.

"Anabanda! Kapu yanga ija, ndi mandasi atatu. Shuga musaume naye manja lero."

Anamwa pang'onopang'ono, akupatsa moni aliyense wodutsa ndi kumutchula dzina. Atamaliza anaitanitsa wina. Posakhalitsa a Jafali anatseka sitolo n'kudzakhala nawo, ndipo anayamba kukangana za mbewu ya soya ngati palibe chimene chinachitika. Pofika masana benchi linali litadzaza. Ana anga aphunzira sukulu ndi tiyi ameneyo.

Sindinawathokozepo bwinobwino. Ndikayamba, ankandidula n'kunena kuti ndiwathokoze chifukwa chiyani, poti ndi iwo amene anandiika m'matope muja. Zimenezo zinali zoona, ndipo panali masiku ena amene ndinkawakwiyira ndikakumbukira chigubu chija. Koma ndaona amuna ambiri akulakwitsa, ndipo ndi mmodzi yekha amene ndinamuona akukweza kulakwa kwake m'mwamba kuti anthu akugwire ndi kukununkhiza. Masupuni anga sanabweze.

Tsiku la maliro awo madalaivala a pa Malomo anaimitsa ntchito. Thupi linanyamulidwa pa lole ya mmodzi wa aja anawatukwana kale, yatsopano, ya geji yake yogwira bwino. Tikufuna kunyamuka, a Jafali anafika akutsimphina ndi ndodo, dzanja lina atanyamula chigubu. Dalaivala anati thanki ndi yodzaza, agogo. Iwo anati atsegule basi. Ine ndinali nditatenga kamtengo kaja pa msomali wa pa mbawa pamene kankapachikidwa, ndinakapisa m'thanki, ndipo kanatuluka konyowa kupitirira mzere wa ku Kasungu. Tinakaonetsa anthu onse. Ena anaseka, ena analira, ndipo a Jafali anakwera ndi chigubu chawocho, n'kuchifungatira pamiyendo ulendo wonse.

Pansi pa mbawa tsopano palibe munthu. Ana awo anatenga zitsulo zonse, galimoto yakale ija inagulidwa ndi osula mbaula. Patsala dothi lakuda la oyilo pamene udzu sumera, ndi chitsa chokumbika pakati ndi hamala. Botolo lidakalendewera pa nthambi yake, manati ali momwemo, ndipo mvula ya chizimalupsa yasiyamo madzi pang'ono. Anyamata a njinga zamoto amaimika pamthunzipo masana, koma pa chitsa sakhalapo. Kamtengo ndinakabwezera pa msomali wake. A Jafali amabwerabe m'mawa, amakhala kumapeto kwawo kwa benchi, n'kunena kuti mvula chaka chino ichedwa. Akatero amadikira pang'ono, atatchera khutu ku mbawa. Palibe amene amawatsutsa.